Mankhwala a Malemu

A Magdalena anati aimirire limodzi ndi amayi a Mvano pa nyimbo yotsekera, koma maondo anakana. Anagwira khoma, dzanja linatsetsereka, ndipo anakhala pansi mwamphamvu mpaka mbale zimene zinali pakona zinalira. Nyimbo inadukira pakati.

"Mwaonatu," anatero a Jesinta, mlongo wake wa malemu Obed, akuyang'ana aliyense m'chipindamo ngati pali amene anawatsutsapo. "Ndi achimwene amenewo. Sanapite. Akuwakoka alamu anga."

A Jesinta anafika kuchokera ku Phalombe tsiku limene a Obed anamwalira, ndipo chifikireni chilichonse chochitika m'nyumbamo chinali ndi mwini wake. Mphemvu ikagwa kudenga, ndi achimwene. Galu akauwa kuseri, ndi achimwene. Magetsi akazima, ndi achimwenenso, ngati kuti ku Ndirande magetsi anayamba kuzima a Obed atamwalira. Sanali munthu woipa ayi. Ankangokonda mchimwene wawo ndi mtima wonse ndi pakamwa ponse.

Tithokoze anadumpha miyendo ya anthu n'kukagwada pafupi ndi amayi ake. Anali mwana yekhayo wa a Obed ndi a Magdalena, wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo chiwaikireni bambo ake m'manda sanachoke pakhomopo. Iye ndi amene ankaona zonse. Amayi ake sankagona. Phala likangolowa pakhomo, nseru. Thukuta linkawatuluka m'mawa wa mwezi wa June, anthu ena onse atafunda zitenje ziwiriziwiri. Manja ankanjenjemera, ndipo nthawi zina ankadzidzimuka n'kugwira mutu ngati wina wawabaya.

Aliyense ankati ndi chisoni. Eya, chisoni chinalipo, ndani angakane? Mwamuna amene wakhala naye kuyambira pa utsikana, wokhoma zidebe ndi mbaula wodziwika msika wonse, kugwa pashedi pake nyundo ili m'manja, kugona kuchipatala osalankhulanso, kenako basi. Koma Tithokoze anaonapo anamfedwa ambiri, ndipo mtima unkamuuza kuti apa panali chinanso. Dzulo lake anatchulapo za chipatala, a Jesinta anachita kugwira pakamwa.

"Namfedwa awoloke msewu tisanasese? Iwe mwana, ukufuna maliro ena pakhomo pano? Kwathu sititero. Adikire a Ambrosi."

A Ambrosi anali amalume awo a malemu, mkulu yekhayo wotsala woyenera kutsogolera mwambo wosesa ndi kumasula namfedwa. Anali tsidya lina la malire, ku Mozambique, kumene mwendo unawatupa. Tsiku lililonse ankatumiza uthenga woti akubwera, ndipo tsiku lililonse sankabwera.

Alendo atabalalika, Tithokoze anatenthetsa madzi n'kuwatengera amayi ake kubafa kuseri kwa nyumba. Kumeneko kokha ndi kumene anthu awiri akanalankhula popanda khutu lachitatu. Anawakhazika pa mpando waung'ono, nayamba kuwathira madzi kumsana. Msanawo unali utachepa m'masiku owerengeka okha.

"Titho," anatero a Magdalena, osatembenuka. "Kachitini ka bambo ako kali kuti?"

"Kachitini kati, amayi?"

"Kaja anakhoma okha. Ka mankhwala. Kankakhala m'thumba la jekete lawo."

"Mankhwala a BP aja? Nanga mukuwafuniranji?"

A Magdalena anaweramitsa mutu, madzi akudontha m'tsitsi mwawo.

"Si onse anali awo," anatero.

Tithokoze anaika pansi kabeseni kothirira madzi.

"Ukukumbukira chaka chija unabwera kuholide n'kundipeza ndili gone, ndayang'ana kukhoma?"

"Munkadwala malungo."

"Tinkati malungo. Malungo ake ati a miyezi yonse ija? Adokotala anati ndi matenda a maganizo. Dipuleshoni. Si misala, Titho, usandiyang'ane choncho."

"Ndili kumbuyo kwanu, amayi. Simukundiona n'komwe."

"Ndikukumva."

Kenako mawu anayamba kutuluka, pang'onopang'ono, a Magdalena akuyang'ana malata a bafa. Anati nthawi imeneyo ankafuna kufa, ndipo ananena poyera kuchipatala. Anesi anauza a Obed kuti mankhwalawo azisunga iwo, aziwapatsa umodziumodzi m'mawa uliwonse. Atapeza bwino, a Obed sanasiye kusunga. Panali chaka china chimene a Magdalena analowa kagulu ka mapemphero, anzawo n'kuwauza kuti wachikhulupiriro samwa mapiritsi, iwo n'kusiya. Sipanatenge nthawi, anabwereranso kukhoma kuja. Kuyambira pamenepo sanadumphitsenso, mpaka tsiku limene a Obed anagwa.

"Ndiye chigwereni bambo simunamwe?"

"Ndikanapempha bwanji? Jekete linapita nawo kuchipatala. Litabwerako, m'nyumba muli anthu thothotho, azakhali ako ali pamutu panga usana ndi usiku. Ndinati ndipirira. Koma Titho, m'mutu muno mukumagunda ngati magetsi. Ndipo maganizo aja ayambanso kubwera. Ndikumaona kuti akanangondiika limodzi ndi bambo ako, dzenje limodzi, anthu osavutika kawiri."

"Amayi, musalankhule choncho!"

"Ndikukuuza zimene zilimo. Ukapeze kachitiniko. Koma usauze munthu, makamaka azakhali ako. Anthu a kuno ukuwadziwa. Mawa lomwe azidzati mkazi wa malemu Obed ndi wa ku Zomba, wamisala."

Tithokoze analonjeza. Akanatani?

Anawapeza a Jesinta akusankha nyemba pakhonde. Anawazungulira ndi mawu kaye, za nkhuni, za sopo, kenako anafunsa ngati zopanda ntchito.

"Azakhali, kachitini ka mankhwala ka bambo munakaonako?"

"Aka?" A Jesinta anapisa m'chikwama chawo n'kukatulutsa, kowala bwino, kachivundikiro kake kothina. Anakagwedeza, mkati munalira masingano. "Kabwino, eti? Achimwene anali ndi manja. Ndati ndikasunge ine, chikumbutso."

"Nanga zimene zinali mkatimo?"

"Ndinataya m'chimbudzi tsiku lomwe tinachokera kumanda. Mankhwala a munthu wakufa sagona m'nyumba, mwanawe, amaitana matenda. Timapepala take tomwe, zonse phuu. Inu a m'tauni mukanawasunga mpaka Khirisimasi."

Anatero monyadira, ngati munthu amene wagwira ntchito imene ena anaiiwala. Tithokoze anayang'ana chimbudzi chija, chitseko chake chopendekeka, ntchentche zikulowa ndi kutuluka. Anafuna kukuwa. Koma akuwe kuti chiyani? Mayiyo anataya mankhwala a mchimwene wake wakufa, monga amachitira aliyense kwawoko.

Ananamizira kuti akukagula makala, n'kutsetsereka kupita kuchipatala cha m'deralo. Amayi ake anali atamuuza kuti akapita kumeneko akafike pa chitseko chakumapeto, akafunse Sisitala Zeinabu. Anadikira pa benchi pakati pa anthu amene sankayang'anana, mpaka nthawi yake inakwana. Nesiyo anali mayi wamfupi, wa mpango woyera kumutu, ndipo atamva dzina la a Obed anavula magalasi.

"A Obed amwalira? Abale inu! Bambo aja?" Anaika magalasiwo patebulo. "Pepa, mwana wanga. Nanga a Magdalena ali bwanji?"

Tithokoze anafotokoza zonse, za chizungulire, za thukuta, za chimbudzi. Pomaliza anatambasula manja.

"Mungondipatsako, Sisitala. Ndikawapatsa ndekha."

"Sindingatero."

"Chonde. Mukuwadziwa. Ndi omwe aja, mankhwala ake omwe aja."

"Munthuyo si yemwe uja ayi. Wataya mwamuna, sakudya, wasiya mankhwala mwadzidzidzi. Mankhwala amenewa sasiyidwa choncho, thupi limakwiya, n'zimene ukuzionazo. Ndiyenera ndiwaone ndi maso, ndiwayeze, adokotala aone ngati tiyambire pomwe paja kapena pang'ono kaye. Tandiuze zoona, anenapo za kufa?"

Tithokoze anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye ukuchitanji kuno wekha? Ubwere nawo lero lomwe, tisanaweruke. Ndipo asakhale okha, ngakhale popita kubafa."

"Sakuloledwa kutuluka. Sitinasese."

Sisitala Zeinabu anapuma mozama. Zinaoneka kuti sikanali koyamba kumva mawu amenewa m'chipindamo.

"Mwambo wa kwanu ine sindingauweruze. Ndikanatha ndikanabwera konko, koma waona wekha benchi ija. Ine ndikukuuza za thupi la amayi ako basi. Ndipo usakayerekeze kugula mapiritsi a m'njira, kapena kubwereka a munthu wina. Wamva?"

Anamva. Koma njira yobwerera kwawo inkadutsa mumsika, ndipo pakati pa ogulitsa matabwa ndi okazinga chipisi panali bambo wina ndi thebulo lake la mapiritsi, ofiira, achikasu, oyera, ena m'mapepala ena m'botolo, onse padzuwa. Miyendo inaima yokha.

"Sisi, tikuthandizeni? Mutu? M'mimba? Za abambo kunyumba?"

"A maganizo muli nawo?"

"Aaa, zimenezo ndiye kuno n'kwawo. Ndi akuluakulu? Awa achikasuwa, amagona ngati khanda. Mukaphatikiza ndi awa, mawa adzuka akuseka. Fulu dozi."

Anamuikira m'manja. Tithokoze anawayang'ana. Sankadziwa dzina la mankhwala a amayi ake, ngakhale mtundu wake, ngakhale kukula kwake. Zaka zonsezi ankabwera kwawo Lamlungu lililonse ndi shuga ndi buledi, n'kumadziona ngati mwana wosamala makolo, osadziwa chimene chinkawaimiritsa amayi ake m'mawa. Anachita manyazi, ndipo anachita mantha. Anabweza mapiritsi aja pathebulo n'kuchoka, bambo uja akumukuwira kuti atsitsako mtengo. Makala sanagule n'komwe.

Atalowa m'nyumba anapeza bata lachilendo. Amayi ake anali gone pamphasa, kukamwa kuli yasa, dzanja limodzi litapindikira pansi pa thupi. A Jesinta anali pambali, nkhope ili ngwee.

"Shhh, usawadzutse. Agona tsopano. Ndawapatsa kanga kamodzi."

"Kanu kachiyani?"

"Kogonetsa. Anandigawira mnzanga wa kutchalitchi nthawi ija ndinkasowa tulo. Kamathandiza kwambiri. Madzulo ndiwapatsanso kena."

Tithokoze anagwada n'kuwagwedeza amayi ake. Anatsegula maso movutikira, namuyang'ana ngati ali kutali, natsekanso. Ankapuma, koma thupi linali lolemera ngati thumba la mchenga.

"Dzina lake n'chiyani mankhwalawo, azakhali?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ndi koyera."

"Mwawapatsa chinthu chimene simukuchidziwa?"

"Iii, koma mwana uyu! Ine ndikuthandiza, iwe uli kumsika. Makala ake ali kuti?"

"Ndikupita nawo kuchipatala. Pompano."

"Sawoloka msewu."

"Awoloka."

A Jesinta anaimirira n'kukaima pakhomo. Amayi atatu a m'banjamo amene anali kukhonde anasiya zimene ankachita, ndipo kuseri kwa mpanda mutu wa neba unatulukira. Ku Ndirande khoma la nyumba ndi la maso okha, makutu limawalola.

"Tithokoze, tamvera. Ine ndaika mchimwene wanga. Sindikufuna kuika wina. Amayi athu omwe anakhala m'nyumba mpaka tsiku losesa, sanafe. Chisoni sichipita kuchipatala. Akabwera a Ambrosi, upite nawo kulikonse, ngakhale ku Joni."

"A Ambrosi abwera liti?"

"Akubwera."

"Aimbireni."

A Jesinta anaimba. Foni inayankha ndi mawu a Chipwitikizi a mayi wa pamakina. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anapukuta foniyo pa chitenje ngati vuto ndi fumbi.

Tithokoze anayang'ana amayi ake pamphasa, anayang'ana azakhali ake pakhomo. Lonjezo la kubafa lija linali lisanathe ndi tsiku lomwe. Anafunafuna bodza loti lingatsegule khomolo, koma m'mutu munalibe kanthu, munali dzenje limodzi lija basi.

"Azakhali, mankhwala munataya aja sanali a bambo okha. Ena anali a amayi. Akhala akumwa kwa zaka zambiri. Ndi a maganizo. Akasiya amadwala, amafuna kufa. N'zimene mukuzionazi. Si bambo akuwakoka, ndi mankhwala ali m'chimbudzimo."

Anafuna kunena motsitsa, koma mawu anatuluka okwera, ndipo anafika kukhonde, anafika kumpanda. Wina panja anati, "Hii!" Wina ananong'ona liwu limene a Magdalena ankaliopa lija.

A Jesinta anayang'ana manja awo.

"Achimwene sanandiuze," anatero. Ukali unali utawathera. "Ine mlongo wawo, mimba imodzi. Ndinkabwera kuno chaka ndi chaka, kugona m'nyumba muno. Osandiuza?"

"Inenso sanandiuze."

"Ndiye ndinataya ine? Ndi manja awa?"

Anatsetsereka n'kukhala pansi pambali pa khomo, miyendo ili tambalale, n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, kosiyana ndi kwa pamaliro kuja. Khomo linatseguka, koma osati chifukwa choti anavomera.

"Koma msewu, Titho. Ine ndikuopa. Chikachitika china, ndidzawauza chiyani a Ambrosi? Ndidzawauza chiyani achimwene?"

"Sindikudziwa, azakhali."

Ndipo sankadziwadi. Iyenso anakulira m'mawu omwewo, ndipo pansi pa mtima kamantha kanalipo, koti mwina akuitana tsoka. Anawadzutsa amayi ake, nawaveka juzi ndi nsapato, nawakoleka dzanja paphewa pake. Amayi a m'banjamo anangoyang'ana pansi. Palibe anamuletsa, palibenso anamuthandiza, aliyense ankaopa kukhala amene anagwira namfedwa pomutulutsa. Amene anabwera anali a Asiyatu, neba wa kuseri kwa mpanda uja, wogulitsa zitumbuwa. Anapukuta manja, nalowa osaodira.

"Za kwanuzo ine sizindigwira," anatero, akugwira mkono winawo. "Tiyeni, amake Titho. Pang'onopang'ono."

Anatsika kanjira ka miyala, kudumpha ngalande, anthu akusuzumira m'mawindo. Mphepo yozizira inawatsitsimulako a Magdalena. Atafika pamsewu waukulu, pamene maminibasi ankalimbirana anthu, anaima n'kulimbitsa miyendo. Tithokoze ankaganiza kuti akuopa mwambo.

"Ndinamva," anatero a Magdalena, lilime likulemera. "Ndinamva zonse. Bambo ako anasunga zaka zonsezi. Iwe tsiku limodzi lakukanika."

Mawuwo anamupweteka Tithokoze kuposa tsiku la kumanda, chifukwa anali oona, ndipo akanati abwerere m'mbuyo akananenanso chimodzimodzi. Anadikira galimoto lidutse, nawawolotsa.

Sisitala Zeinabu anawalowetsa osadikira mzere. Anawagwira a Magdalena manja onse awiri, nawapepesa, nawayeza kuthamanga kwa magazi, nawaunika m'maso. Atamva za piritsi loyera la a Jesinta anagwedeza mutu, koma sanakalipe. Anaitana adokotala, ndipo Tithokoze anatulutsidwa panja kuti amayi ake alankhule momasuka. Anakhala pa benchi ndi a Asiyatu, akumva kulira kwa amayi ake kudutsa chitseko.

Atamuitananso, nesi anamuika kapepala ka mapiritsi m'manja mwake, osati mwa amayi ake.

"Awa ndi a masiku ochepa. Akatsala pang'ono mubwere nonse, tidzaone mmene zikuyendera. Lero asamwe, chija anapatsidwa chiyambe chatuluka m'thupi. Ayambe mawa m'mawa, umodzi basi. Osawonjezera poti anadumphitsa masiku, si ngongole iyi. Usunge iwe, pamalo poti ukudziwa wekha."

"Ndiye achira?"

"Chizungulire ndi nseru zichepa posachedwa. Mtima umatenga masabata, usataye mtima ukaona kuti sizikusintha msanga. Koma usayembekeze kuti asiya kulira mwamuna wawo. Piritsi la zimenezo tilibe. Akanenanso za kufa, kapena ukaona zachilendo, usadikire tsiku limene takuuzani. Kukakhala kuti kuno tatseka, upite kuchipatala chachikulu."

Tithokoze anafumbata kapepalako. Anaganiza za sitolo ya ku Limbe, kumene abwana anali atafunsa kale kuti maliro atha liti. Anaganiza za kachipinda kake ku Bangwe, ndi za m'mawa uliwonse umene unali kutsogolo, wosadziwika pothera. Bambo ake anasenza zimenezi akukhoma zidebe ndi kuseka ndi anthu, osaonetsa ndi pankhope pomwe. Iye tsiku loyamba lomwe anali atatopa kale.

Kunyumba anapeza amayi awiri a m'banjamo atalongedza n'kupita. A Jesinta anali ataphika, naika chakudya patebulo, nakakhala kukhonde nkhope atalozetsa kwina. Usiku umenewo magetsi anazima, ndipo sananene kuti ndi achimwene. A Magdalena sanamulankhule mwana wawo ngakhale liwu limodzi.

Kutacha, Tithokoze anatunga madzi akumwa, natulutsa piritsi limodzi, nalowa kuchipinda. Amayi ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, kumbali imene ankagona a Obed. Analandira piritsilo ndi madziwo osamuyang'ana. Tithokoze anaima patsogolo pawo, maso ali pakamwa pawo, kudikira kuti ameze.

A Magdalena sanameze. Piritsi linangokhala m'manja.

"Amayi, imwani. Chonde."

"Tembenuka."

"Amayi?"

"Ndati tembenuka. Waima ngati wapolisi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Bambo ako sanandiyang'anepo ndikumwa. Olo tsiku limodzi. Ankati munthu wamkulu sayang'aniridwa pakamwa. Ankandipatsa, n'kukaima pawindopo, n'kumandiuza za phiri."

"Za phiri zotani?"

"Zilizonse. Kuti lero lavala chipewa. Kuti wina wadulanso mtengo kumtunda. Tsiku lina anati waona nyani akutsika ndi jekete, akupita kukafuna ntchito ku Limbe. Mabodza okhaokha. Koma khutu lili kuno. Akapanda kumva kuti ndameza, nkhani siinkatha."

Tithokoze anapita pawindo. Anakankha katani. Kunja kunali chiperoni, nkhungu itaphimba madenga a anthu mpaka mpanda wa a Asiyatu. Phiri la Ndirande kunalibe, ngati silinakhalepo. Anatsegula pakamwa kuti apeke kenakake koseketsa, koma iye sanali a Obed.

"Silikuoneka, amayi," anatero, misozi ikutsika. "Kuli nkhungu yokhayokha."

"Nena zomwezo."

"Kuli nkhungu. Yayambira kumtunda mpaka kumsika. Mitengo sikuoneka. Miyala ija sikuoneka. Kuli mayi wina akukwera ndi nkhuni, kaya akutsika, sindikuona bwino."

Kumbuyo kwake anamva kumeza, kamodzi, kovutikira. Sanatembenuke. Anagwira chitsulo cha windo ndi manja awiri, napitiriza kunena za phiri limene sankaliona.